Funsani Aphunzitsi: za light, night, right ndi mawu ena ofanana zilembo

Mwezi uno makalata ambiri amene afika kuno ku Mzuzu akukamba nkhani imodzi, ya mawu achingerezi ofanana kutalika komanso ofanana zilembo, ena akufuna owinira gemu ya pa foni, ena mwana ali ndi mpikisano wa sipelo kusukulu, ena ndi a Fomu 4 mayeso akuwasowetsa tulo. Ndatolapo asanu, otsalawo musadandaule tidzawaona mtsogolomu.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimagulitsa mu shopu ku Katoto ndipo pa gulupu yathu ya WhatsApp timasewera Wordle m'mawa uliwonse, aliyense amaponya timabokosi take tija kuti tione wapeza pa kachingati. Nde tsiku lina zilembo zinayi zakumapeto zinayaka girini zonse, I G H T, ine kusangalala kuti basi zatheka, ndinalemba light ayi, night ayi, right ayinso, mpaka mwayi wonse kutha anzanga kumandiseka. Mawu a zilembo zisanu othera ndi ight alipo angati ndipo amatanthauza chani? Nanga ndipange bwanji zisadzandichitikirenso? Mnyamata wa ku Katoto

YANKHO: Achimwene, dzenje mwagweramoli lagwetsa anthu ambiri dziko lonse lapansi, si inu nokha ayi. Koma poyamba ndiwauze kaye owerenga amene sakuidziwa gemuyi. Wordle anaipanga ndi Josh Wardle, katswiri wa za kompyuta wochokera ku Wales, anaitulutsa kwa anthu mu Okutobala 2021 kenako nyuzipepala ya New York Times inaigula kumayambiriro kwa 2022. Tsiku lililonse pamakhala liwu limodzi lobisika la zilembo zisanu, munthu uli ndi mwayi ka 6 kuti ulipeze, chilembo chikakhala pamalo pake bokosi limayaka girini, chikakhala kuti chilimo koma mwachiika polakwika limayaka chikasu, chikakhala mulibe limangotuwa.

Tsono a ight odziwika bwino alipo 8. Light ndi kuwala kapena nyale, komanso chinthu chopepuka, thumba la thonje ndi light pamene la simenti ndi heavy. Right lili ndi ntchito zambiri, ndi kumanja, ndi kulondola monga mukakhoza samu, ndiponso ndi ufulu, nchifukwa chake pa wayilesi mumamva za human rights, maufulu achibadwidwe aja. Night ndi usiku. Fight ndi ndewu kapena kumenyana. Sight ndi kupenya kwa maso kapena chinthu chimene maso aona. Tight ndi chothina, nsapato yoti chala chikulira mkati. Might ndi mphamvu zazikulu, koma kawirikawiri mumalipeza likutanthauza kuti mwina, it might rain ndiye kuti mwina kugwa mvula, chiganizo choti kuno ku Mzuzu mutha kuchinena pafupifupi mwezi uliwonse osanama. Lomaliza ndi eight, nambala 8, ili anthu amaliiwala chifukwa pakamwa silimveka ngati anzakewo koma zilembo zake ndi zomwezo. Palinso bight, malo amene gombe la nyanja lapinda n'kulowa mkati, ndi wight, liwu lakalekale lotanthauza munthu kapena cholengedwa, koma awiriwa simukumana nawo wamba.

Nde onani vuto lanu, mawu 8 koma mwayi wotsala utatu kapena unayi, kumangoombeza limodzilimodzi ndi juga imeneyo. Chochita ndi ichi, pirirani mutaye dala mwayi umodzi, musalembe liwu la ight, lembani liwu lina lonyamula zilembo zoyambirira zambiri nthawi imodzi. Mwachitsanzo forms. Muli F, R, M ndi S. F ikayaka yankho ndi fight, R ikayaka ndi right, M ndi might, S ndi sight. Zikatuwa zonse ndiye kuti mwachotsa anayi pa kamodzi, mwatsala ndi light, night, eight ndi tight, apo lembani lends, L, E kapena N ikuuzani, ikapanda kuyaka iliyonse ponyani tight. Njirayi siigwira ngati munatsegula hard mode chifukwa kumeneko amakukakamizani kubwereza zilembo mwapeza kale, nde muone kaye ma setting anu.

Mwina mumadabwanso kuti gh ameneyu akufunanji pamene sitimutchula. Kale Angerezi ankamutchula, linali phokoso la pakhosi, night ankalemba niht, ndipo mpaka lero Ajeremani amati Nacht, a ku Scotland ena amati nicht phokoso lija likumveka. William Caxton atayamba kusindikiza mabuku ku England mu 1476 kalembedwe kanayamba kukhazikika pang'onopang'ono pamene kalankhulidwe kanapitiriza kusintha, phokoso linafa koma zilembo zinatsala pa pepala. Ine ndimaona kuti mwana ukamuuza zimenezi amasiya kudziona ngati mbuli, amadziwa kuti vuto lili ndi mbiri ya chilankhulocho osati mutu wake.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi ali Sitandade 7 ndipo anamusankha kuti akaimire kalasi yake pa mpikisano wa sipelo. Ndi wanzeru ndithu koma L ndi R zimamusokoneza, aphunzitsi akanena grass iye amalemba glass, akanena pray amalemba play, wabwera kunyumba akulira kuti anzake akumunena. Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndingamuthandize bwanji? Mayi wa ku Chibavi

YANKHO: Mayi, choyamba mumuuze mwanayo kuti apukute misozi, palibe cholakwika ndi khutu lake kapena lilime lake. M'Chichewa L ndi R sizisiyanitsa tanthauzo la mawu, wina anene kulira wina anene kulila tonse timva kuti munthu akukhetsa misozi, ndipo pa malamulo a kalembedwe kathu R timaika pambuyo pa i kapena e, monga mbiri ndi mchere, kwinako timaika L, monga mbale ndi sukulu. Ndiye khutu la mwana amene wakulira m'chilankhulo chathu linazolowera kuti awiriwa ndi amodzi. Chingerezi ndiye chimawalekanitsa, ukasintha chilembo wasinthanso nkhani yonse.

Apa mpamene mawu ofanana kutalika amathandiza zenizeni, chifukwa mukawaika awiriawiri mwana amaona kuti chasintha ndi chilembo chimodzi chokha basi. Tengani kope mujambule mzere pakati, uku L uku R. Glass ndi galasi kapena tambula, grass ndi udzu. Flesh ndi mnofu, fresh ndi chatsopano, chosagona, ngati usipa wongofika kumene kuchokera ku Nkhata Bay. Clown ndi munthu wazisudzo woseketsa anthu, crown ndi chisoti chachifumu. Flame ndi lawi la moto, frame ndi felemu ya chitseko kapena ya chithunzi. Bleed ndi kutuluka magazi, breed ndi kuswana kwa ziweto kapena mtundu wa chiweto. Blush ndi kufiira nkhope ndi manyazi, brush ndi bulashi. Liver ndi chiwindi, river ndi mtsinje. Loyal ndi wokhulupirika, royal ndi zachifumu. Clash ndi kukangana kapena kulimbana, crash ndi kuombana kwa galimoto pa ngozi. Onsewa ndi a zilembo zisanuzisanu.

Pakamwa pake mumuonetse chonchi, ponena L nsonga ya lilime imakagunda kunkhama kuseri kwa mano akumwamba n'kukhala pomwepo, ponena R ya Chingerezi lilime siligunda paliponse, limabwerera m'mbuyo pang'ono ndipo milomo imatuluka pang'ono. Aime pa galasi azidziona. Koma chimene chidzamupulumutse pa tsiku la mpikisano si lilime ayi, ndi tanthauzo, chifukwa nthawi zina wotchula mawuyo nayenso ndi mnzathu wa konkuno L ndi R zake zimalowana. M'mipikisano yambiri ya sipelo mwana amaloledwa kupempha tanthauzo la liwu kapena kuti aliike m'chiganizo, afunse aphunzitsi ake ngati kwawoko zimaloledwa, zikaloledwa asachite manyazi kupempha. Akamva kuti the cow is eating, adziwa yekha kuti ng'ombe siidya galasi.

Inu mayi musadzichepetse, simukufunika satifiketi kuti muthandize. Madzulo mukuphika muzingomutchulira Chichewa chake, udzu, iye anene liwu la Chingerezi ndi kulisipela, chiwindi, anene, mtsinje, anene. Magulu atatu a mawu awiriawiri pa tsiku akwana, mawa mubwereze adzulo musanaonjezere ena.

FUNSO: Sir, ndili Fomu 4 ndipo ndinapanga dawunilodi mndandanda wa mawu pa intaneti, anawasanja a zilembo zisanu paokha, a zisanu ndi chimodzi paokha, ena oyamba ndi chilembo chakuti ena othera chakuti, alipo masauzande. Ndikuloweza 20 tsiku lililonse kuti kompozishoni yanga izikhala ya mawu apamwamba. Koma ndikaloweza pakatha sabata ndaiwala. Chinanso mu mndandandamo alemba color, favor, labor pamene m'buku lathu muli colour, olondola ndani? Wophunzira wa ku Luwinga

YANKHO: Mwana wanga, khama lako ndalikonda ndipo mantha ako ndikuwamvetsa, tonse tikudziwa kuti MANEB siipereka satifiketi ya MSCE kwa munthu amene walephera Chingerezi ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji. Koma ndikuuze mosabisa, njira watengayi ikudyera nthawi. Mindandanda imeneyo anaikonzera anthu a Wordle, Scrabble (gemu yopanga mawu pa bolodi ndi timatabwa ta zilembo, chilembo chilichonse chili ndi mapointi ake) ndi ma crossword, anthu amene akufuna liwu lokwana m'mabokosi, alibe nazo ntchito kuti liwulo amalinena liti kapena kwa ndani. Kompozishoni siifunsa kuti liwu lili ndi zilembo zingati. Ndipo ukuiwala chifukwa mawuwo palibe chikuwamangirira pamodzi m'mutu mwako kupatula kutalika, zili ngati kutunga madzi ndi dengu.

Ndikupatse chitsanzo chimodzi uone ngozi yake. Tenga mawu asanu awa, onse zilembo zisanu, onse othera ndi ough. Tough ndi cholimba kapena chovuta, nyama yokanika kutafuna kapena mayeso ovuta, amatchula ngati taf. Rough ndi chokhakhala, msewu wa mabampu nthawi ya dzinja, amatchula raf. Cough ndi kutsokomola, ili ndiye kof. Dough ndi ufa wokanda uja amayi a mandasi amauphimba ndi nsalu kuti ufufume, ili limamveka ngati dou, gh osamveka n'komwe. Bough ndi nthambi yaikulu ya mtengo, amatchula bau. Pa mndandanda wako mawuwa aima mzere umodzi ngati apachibale, koma katchulidwe kali panayi ndipo matanthauzo sagwirizana olo pang'ono. Ukawaloweza ngati nyimbo udzalemba kuti my mother had a bad dough m'malo mwa cough, wochonga adzangodula mzere wofiira.

Ochonga mayeso sasangalala ndi liwu lalikulu loikidwa pamalo polakwika, amasangalala ndi chiganizo choyera chomveka bwino. Ndiye chepetsa, m'malo mwa 20 tenga asanu, ndipo asachokere pa mndandanda, achokere m'zimene ukuwerenga, buku la literature, nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale notsi za Biology. Liwu lililonse ulembe chiganizo chimene unalipezamo, tanthauzo lake m'Chichewa kapena m'Chitumbuka mmene iwe ukumvera, kenako upange chiganizo chako chokamba za moyo wako, za minibasi ya ku Ekwendeni, za mvula, za msika. Dikishonale ya ophunzira ya Oxford kapena ya Longman ndi yabwino chifukwa imapereka zitsanzo za ziganizo osati tanthauzo lokha, ndipo ya Chichewa ndi Chingerezi imene anasonkhanitsa a Steven Paas imathandiza ukafuna kutsimikiza m'chilankhulo chathu. Ngati kusukulu kulibe, pita ku layibulale ya National Library Service mtauni muno ukafunse, bandulo yako uisungire zina.

Za color ndi colour, onse ndi olondola kwawo. Color, favor, labor, honor ndi kalembedwe ka ku America, kamene anakalimbikitsa Noah Webster mu dikishonale yake ya 1828, iye ankafuna kuchotsa zilembo zimene ankaziona ngati zopanda ntchito. Ku Britain anasunga u, nde amalemba colour mtundu wa chinthu, favour kukomera mtima kapena kukondera, labour ntchito yathukuta komanso kubereka kwa amayi, honour ulemu. Waona kuti liwu lomwelo ku America lili ndi zilembo zisanu ku Britain zisanu ndi chimodzi, nchifukwa chake mu Januwale 2022 Wordle itabisa liwu la favor anthu a ku Britain anadandaula kwambiri. Ife mabuku a m'sukulu zathu amatsata kalembedwe ka ku Britain, ndiye pa mayeso lemba colour, centre, cheque, plough, ndipo usasakanize, ndime yoyamba colour yachitatu color, zimenezo zimaonetsa kuti sukudziwa chimene ukuchita. Foni yakonso uisinthe ikhale pa English UK, apo ayi izikukonzera molakwika mpaka dzanja lizolowere.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Sitandade 5 ndipo ndikufuna banja limodzi la mawu osavuta loti ndiyambire nalo kalabu ya Chingerezi Lachisanu masana. Mphunzitsi wa ku Zolozolo

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, yambani ndi atch, ana amalikonda chifukwa pafupifupi liwu lililonse mutha kulibweretsa m'kalasi m'manja. Match ndi kamtengo ka machesi komanso masewero a mpira, patch ndi chigamba, latch ndi kachitsulo kotsekera chitseko, catch ndi kugwira kapena kuwakha, hatch ndi pamene anapiye akutuluka m'mazira, batch ndi zinthu zopangidwa ulendo umodzi monga mandasi a chiwaya choyamba, watch ndi wotchi kapena kuonera, ili lokha muwachenjeze kuti a wake amamveka ngati o. Lembani atch pa bolodi, zilembo zoyambirira muzidule pa makatoni, mwana akanyamula P anzake aloze chigamba. Sabata yotsatira mupite ku ound, found, round, sound, mound mulu wa dothi, hound galu wosakira nyama, wound bala, ndi pound limene ndi kusinja mu mtondo komanso ndalama ya ku Britain, apo muwauzeko kuti nafenso tinkagwiritsa ntchito pound mpaka kwacha itabwera mu 1971, akafunse agogo awo kunyumba.

FUNSO: Ndine wopuma pa ntchito ndipo Loweruka lililonse timakumana anayi kusewera Scrabble pakhonde. Sabata yatha panabuka mkangano waukulu, ine ndinaika kwacha mnzanga n'kukana kuti si Chingerezi, mpaka tinabalalika osamaliza. Komanso chilembo cha Q chimandivutitsa, ndikachitola popanda U ndimangokhala nacho mpaka gemu kutha n'kundidula mapointi 10. Tithandizeni. Bambo wa ku Chiputula

YANKHO: Adada, pa mlandu wa kwacha mwawina ndinu, anzanuwo akubwezereni mapointi anu. Mayina a ndalama za mayiko amaloledwa mu Scrabble chifukwa salembedwa ndi chilembo chachikulu, ndipo kwacha lilimo mu mndandanda wa Collins umene amagwiritsa ntchito m'mipikisano ya mayiko ambiri kunja kwa America. Tiwerengere limodzi, K ndi 5, W ndi 4, A ndi 1, C ndi 3, H ndi 4, A ina 1, zonse 18 musanaponde bokosi la double kapena triple, lochulukitsa mapointi kawiri kapena katatu. Tambala nalonso limaloledwa, ndipo poti lili ndi zilembo 7 mukalitsitsa lonse kuchokera pa kathabwa kanu mumalandira bonasi ya 50. Ngwee ya anzathu a ku Zambia ilimo, nyala ilimo, mamba, impala, kudu, tsetse, onsewa Chingerezi chinabwereka ku Africa kuno ndipo ndi ovomerezeka. Chimene sichiloledwa ndi mayina a malo ndi a anthu, Mzuzu ngakhale ali ndi Z ziwiri musamuyese, ndiponso mu thumba muli Z imodzi yokha.

Za Q musamamusunge mpaka kumapeto, alipo mawu osafuna U. Lofunika kuposa onse ndi qi, zilembo ziwiri zokha, ndi mphamvu ya moyo m'chikhulupiriro cha ku China, limakupatsani 11 ndipo mukaliika pamphambano poti liwerengedwe chopingasa ndi chotsika Q amalipira kawiri. Qat ndi masamba amene anthu amatafuna ku Yemen, Somalia ndi Ethiopia. A zilembo zisanu alipo niqab, nsalu imene amayi ena achisilamu amaphimba nayo nkhope kusiya maso, faqir, munthu wodzipereka pa zachipembedzo wokhala moyo waumphawi, ndi qanat, ngalande ya pansi pa nthaka yobweretsa madzi imene anthu a ku Iran akhala akukumba kuyambira kalekale. Mu gemu muli timatabwa 100 ndipo U alipo anayi okha, nde kudikira U ndi kudziika pa chiswe.

Ndikudziwa kuti osewera ena amangoloweza mawuwa osasamala tanthauzo, ndipo pa malamulo palibe amene angakukakamizeni kulinena. Koma pakhonde panu ine ndikanakonda muike lamulo lanulanu, woika liwu lachilendo anene tanthauzo lake, akalephera agule tiyi. Mukatero mikangano ichepa ndipo aliyense azipita kwawo ndi kanthu m'mutu. Gemuyi anaiyambitsa ndi Alfred Butts wa ku America m'zaka za m'ma 1930, koma musaione ngati ya azungu okha, mu 2015 Wellington Jighere wa ku Nigeria anawina mpikisano wa dziko lonse ku Perth, Australia, munthu woyamba wa mu Africa kutenga chikhocho. Chomaliza, musanatole timatabwa Loweruka likubwerali gwirizanani kaye kuti woweruza wanu ndi dikishonale iti, muiike patebulo pomwepo, ndipo adzukulu akamazungulira pakhondepo muwapatseko mpando wina azikuwerengerani mapointi.